Funsani a Tekiniko: kodi dishi imadziwonjezera mphamvu yokha mvula ikamagwa?

Makalata a mwezi uno ambiri akukamba za mvula ndi madishi, ndiye ndangowasonkhanitsa pamodzi. Amene munafunsa za mainveta pepani, tionana mwezi wamawa.

FUNSO: A Tekiniko, ine ndili ku Ulongwe, ndili ndi kashedi koonetsa mpira pafupi ndi msika. Vuto langa ndi mvula, ikangoti yayamba TV imayamba kudukaduka kenako zii, anyamata nkuyamba kulongolola kuti ndiwabwezere ndalama zawo. Koma pali ofesi ina chapafupi pompano ili ndi chidishi chachikulu, mlonda wake amandiuza kuti iwowo intaneti sichoka ngakhale mvula igwe, akuti dishi yawo imadziwonjezera mphamvu yokha. Ndi zoona zimenezi kapena mkuluyu amangondiseka? Ngati zili zoona kachipangizo kameneko ndikagule kuti, ku Tete kapena ku Lilongwe?

YANKHO: Achimwene, mlondayo sakukunamizani ayi, kungoti wakuuzani nkhaniyo mbali imodzi. Dishi yanu ndi yawoyo zimaoneka zofanana koma ntchito ndi zosiyana. Yanu imangolandira basi, situmiza kalikonse kumwamba. Yawoyo ndi VSAT, imalandira komanso imatumiza. Tsiku lina mukadzadutsa pamenepo mudzayang'anitsitse pa mkono wa dishiyo, mudzaona zinthu ziwiri, LNB yolandirira sigino yonga yanu yomweyo, ndiye pambali pake kabokosi kolemera kachitsulo kokhala ndi timizeremizere totulutsira kutentha. Kameneko timakatchula kuti BUC, ndipo ndi kamene kamaponya sigino kupita ku setilaiti. Mphamvu imene mlonda akunenayo ndi ya kabokosi kameneka, imene ikupita kumwamba, osati imene ikubwera pansi.

Tsono tiyambe ndi mvulayo. Masetilaiti a TV ndi a VSAT ambiri ali pamwamba pa equator, makilomita 35,786 kuchokera pansi pano, ndipo amazungulira mofanana ndi dziko, nchifukwa chake dishi mumangoimanga kamodzi osaitembenuzanso. Ulendo wonsewo sigino imayenda bwinobwino popanda chopinga, vuto lili pa makilomita 4 kapena 5 omaliza amene kumakhala mvula. Ma TV athuwa amagwiritsa ntchito gulu la mafulikwense lotchedwa Ku band, kutsika pansi ndi cha m'ma 11 kapena 12 GHz, kukwera kumwamba ndi cha m'ma 14 GHz, ndipo pamenepo funde limodzi limakhala lalifupi kwambiri, masentimita awiri ndi kanthu. Madontho a mvula ya mkuntho ija ya mu Januwale amamwa gawo la mphamvu ya mafundewo, gawo lina nkulimwaza uku ndi uku. C band ya 4 ndi 6 GHz mafunde ake ndi aataliko, mvula siiwopsa kwenikweni, nchifukwa chake m'maofesi akale mumaona zimadishi zikuluzikulu zija za mamita awiri ndi kuposa. Ka band ya cha m'ma 20 ndi 30 GHz ndiye imavutika kuposa zonse.

Kuchepa kwa sigino timakuyeza ndi ma dB. Musaope masamu, ingosungani ziwiri izi, 3 dB ndi theka la mphamvu, 10 dB ndiye kuti mwa magawo khumi latsala limodzi. Mvula yamphamvu pa Ku band itha kudya 10 dB ndi kuposerapo kwa mphindi zingapo.

Nanga makinawo amatani? Mukudziwa mmene zimakhalira m'nyumba ya malata yopanda siling'i mvula ikayamba, mumakweza mawu kuti mnzanu akumveni, mvula ikakula mumakwezanso, ikakata mumatsitsa osachita kuuzidwa, ndipo pamafika poti ngakhale mukuwe bwanji sakumvani mumangokhala chete kudikira. Makinawa amachita chimodzimodzi, ndipo m'mabuku mwake mudzapeza akulemba AUPC kapena UPC kapena ATPC malinga ndi amene anapanga.

Kuti adziwe kuti kunja kwavuta pali njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba, setilaiti iliyonse imatulutsa kasigino kakang'ono kosasintha mphamvu, timakatchula kuti beacon. Siteshoni ya pansi imakhala ikumvera kameneka nthawi zonse, ikaona kuti katsika ndi 4 dB imadziwa kuti m'njiramo muli mvula, ndiye imawerengera kuti ngati potsika pa 12 GHz zatayika 4, pokwera pa 14 GHz zikutayika zoposa pamenepo chifukwa mvula imaluma kwambiri fulikwense ikamakwera, nkuwonjezera mphamvu moyerekeza choncho. Njira imeneyi ndi yachangu koma ndi yongoyerekeza, palibe amene akukuuza kuti wafika bwino. Imapezeka kwambiri m'masiteshoni akuluakulu.

Yachiwiri ndi yofunsana. Modemu ya mbali inayo, kaya ili ku Maputo kaya ku Johannesburg, imayeza mmene ikulandirira sigino yako nkubweza nambala, imene pa sikilini imalembedwa Eb/No kapena Es/No. Tekiniko amakhala kuti anaika kale nambala yofunika, tinene 8 dB. Ikatsika kufika 7 modemu ya kuno imakweza pang'ono, ikapitirira 8 imatsitsa. Kuchedwa kulipo chifukwa sigino kupita kumwamba ndi kutsika kumatenga pafupifupi kota ya sekondi, ndipo yankho kuti libwerere ndi kota inanso, koma mvula sisintha mwachangu choncho ndiye zimakwanira. Ma VSAT ang'onoang'ono a m'mabanki ndi m'maofesi ambiri amagawana njira imodzi, ndipo kwa iwowo siteshoni yaikulu, hub, ndi imene imauza kadishi kalikonse payekhapayekha kuti iwe kweza, iwe tsitsa. Palibe munthu amagwira batani.

Koma apa ndi pamene mlonda wanu wawonjezera mchere. Mphamvuyo ili ndi polekezera. Ngati BUC ndi ya mawati 4 ndipo kunja kuli ngwee imagwiritsa ntchito wati imodzi, ndiye kuti ili ndi 6 dB yosungira, basi. Mvula ikadya 5 dB iwo sadziwa nkomwe kuti kwachitika kanthu. Ikadya 12 dB nawonso amazima ngati inu nomwe, kungoti mlonda nthawi imeneyo amakhala atabisala m'kanyumba kake sakuona makompyuta. Chinanso chimene chimawathandiza ndi chakuti makina atsopano, kuyambira pa DVB-S2 imene inakhazikitsidwa cha mu 2005, amatha kusintha kalankhulidwe, mvula ikavuta amasiya kutumiza zambiri nthawi imodzi nkuyamba kutumiza pang'onopang'ono koma molimba. Zimenezi ndi ACM. Intaneti imakhala yochedwa koma osaduka, ndiye munthu wa muofesi amangoti lero ikukoka.

Tsono kachipangizo koti mugule kulibe, ndipo wina akabwera nako kuti kamawonjezera mphamvu ya dishi ya TV pa mvula musamupatse ngakhale metikali imodzi. Mphamvu ya TV yanu ikuchokera ku setilaiti imene ikuwalira mayiko ambirimbiri nthawi imodzi, singakweze mphamvu chifukwa choti ku Ulongwe kwagwa mvula. Timaampulifaya toika pa waya tija timangothandiza ngati wayayo ndi wautali kwambiri, timakweza sigino ndi phokoso limodzi, zimene mvula yadya sitingabweze. Chimene mungachite inu ndi kukolola zambiri pa zimene zikufikazo. Ngati dishi yanu ndi ya masentimita 60 pezani ya 90, imagwira sigino yoposa kawiri, pafupifupi 3.5 dB, ndipo imeneyo ndi mvula yambiri ndithu imene mungaonere mpira osaduka. Itanani munthu wokhala ndi mita ailunjike bwino kunja kuli kouma, ayang'ane nambala ya quality osati ya strength yokha, apotozenso LNB mpaka nambalayo ifike pamwamba. Madishi ambiri amene ndimaona ku Angónia anamangidwa mongoti chithunzi chabwera basi tamangani, ndiye alibe chosungira chilichonse, kamvula kowaza kokha kakwana kuwagwetsa. Za anyamatawo lembani pakhomo kuti mvula ikadula ndalama sizibwezedwa.

FUNSO: Akulu, ndine mnyamata ndikuphunzira ntchito yomanga madishi ku Moatize. Ine sindikumvetsa chinthu chimodzi, ngati BUC ili ndi mawati 4 bwanji osangoitsegula onse 4 nthawi zonse mvula izikupezani mwakonzeka kale? Abwana anga ndikawafunsa amangoti zisiye choncho.

YANKHO: Mphwanga, abwana akowo akunena zoona ngakhale sakukufotokozera, ndipo funso lako ndi limene aliyense amafunsa akangoyamba. Ndikuuze bwinobwino chifukwa anthu ambiri amene amaononga zinthu pa ntchito imeneyi ndi amene amaganiza kuti mphamvu yambiri ndiye ubwino.

Setilaiti si yako wekha. Mkati mwake muli ma transponder, iliyonse ili ndi ampulifaya imodzi imene makasitomala ambiri amagawana, ndipo ntchito yake ndi kulandira zimene zabwera, kuzikweza, kuzibweza pansi. Kampani yanu inalipira kagawo ka fulikwense komanso kagawo ka mphamvu. Iwe ukafika pamenepo ndi mphamvu yoposa imene unagula, ukudya ya anzako, masigino awo amatsika, ndipo ampulifayayo ikapanikizika imayamba kutulutsa zinyalala zimene zimagwera aliyense. Nchifukwa chake cholinga cha makina owongolera mphamvu si kufika mwamphamvu ayi, ndi kufika pa setilaiti ndi mphamvu yofanana nthawi zonse, kaya kuli dzuwa kaya kuli chimvula. Zimene amawonjezera ndi zokhazo zimene mvula yadya panjira. Mvula ikakata ayenera kutsitsa msanga, ndipo kutsitsako nkofunika mofanana ndi kukweza.

Pali za oyandikana nawonso. Masetilaiti kumwambako anandandalikana motalikirana madigiri awiri kapena atatu okha. Dishi yaing'ono ya mamita 1.2 siponya sigino ngati singano, ina imatayikira m'mbali, ndiye ukakweza mphamvu zotayikirazo zimakulanso nkukasokoneza setilaiti ya eni ake imene sukuidziwa nkomwe. Ndipo usaganize kuti sangakupeze chifukwa uli kuseri kwa phiri, eni masetilaiti amatha kuyeza kuchokera pa masetilaiti awiri nkudziwa dera limene chisokonezo chikuchokera, hub ithanso kungokutseka ili komweko. Kuno kwathu ku Mozambique zotumiza sigino zonse zili pansi pa bungwe la boma la INCM, ku Malawi ndi MACRA, si zinthu zongoseweretsa.

Komanso BUC yakoyo. Mawati 4 olembedwawo ndi pothera pake. Ukayandikira pamenepo ukawonjezera 1 dB polowa sipatulukanso 1 dB yathunthu, sigino imayamba kupindika nkufalikira m'mafulikwense a m'mbali, ndipo chodabwitsa nchakuti mbali inayo amayamba kukulandira moipa kuposa poyamba. Tsiku limene mudzapite kukatsegula siteshoni yatsopano udzamvetsere abwana ako akamalankhula pa foni ndi anthu a ku NOC, ofesi yoyang'anira netiweki yonse. Amakhala ali padenga foni ataipana paphewa, sipanala kudzanja, uku akupotoza feed, kaja kali pansonga ya mkono kotulukira ndi kulowera sigino, pang'onopang'ono, winayo akuti pitirizani, pitirizani, imani, bwererani pang'ono, mangani pomwepo. Kumeneko ndi kukonza cross-pol kuti sigino isalowe mbali ya eni ake. Akatha pamenepo amatsika kupita pa laputopu, a ku NOC nkumati kwezani 1 dB, kwezaninso, mpaka aone kuti yasiya kukwera mofanana. Nambala imeneyo amailemba mu modemu ngati denga, kuti makina ngakhale mvula ivute bwanji asadzadutse pamenepo. Ukadzasintha BUC kapena kutalikitsa waya osabwereza muyeso umenewu, dengalo limakhala labodza.

Pa modemu zina palinso funso loti, sigino ya mbali inayo ikasowa kotheratu ndichite chiyani, ndikhale pa mphamvu yonse kapena ndibwerere pa yamasiku onse? Ine ndimakonda kubwerera pa yamasiku onse pokhapokha ngati eni netiweki anena zina, chifukwa mwina kumeneko angozimitsa magetsi, iwe nkukhala ukukuwa usiku wonse kunja kuli nyenyezi.

FUNSO: Bambo, kuno mumzinda wa Tete nthawi zina TV imaduka kunja kuli dzuwa, pabwalo pali fumbi. Ndiye mvula yake iti?

YANKHO: Mayi, mvula siyenera kugwa padenga panu, ingokhala pa mzere wa pakati pa dishi ndi setilaiti. Madishi ambiri kuno amaloza ku setilaiti ya pa 36°E imene kwa ife ili pamwamba kwambiri chakumpoto, ena amaloza ya pa 68.5°E imene ili chakum'mawa ndipo ndi yotsikirapo, madigiri osakwana 50 kuchokera pansi. Yotsikayo sigino yake imadutsa mtunda wautali m'mitambo, ndiye chimvula chili cha uko makilomita angapo chitha kukudulani inu muli pouma. Nthawi zinanso mvula ili kumene mapulogalamuwo akutumizidwira kumwamba, kutali kwambiri ndi ife, ndipo yawaposa mphamvu yosungira ija, zikatero aliyense amaduka nthawi imodzi, mukaimbira achibale ku Zóbuè nawonso akuti kwazima.

Koma ngati zikuchitika chakumapeto kwa Malichi kapena pakati pa Seputembala, nthawi yofanana tsiku lililonse kwa masiku ochepa, mphindi zochepa nkubwerera yokha, limenelo ndi dzuwa. Limakhala ladutsa kumbuyo kwenikweni kwa setilaiti ndipo phokoso lake limakwirira sigino. Osakhudza dishi, zimatha zokha.

FUNSO: A Tekiniko, ndimayang'anira makompyuta pa ofesi ina ku Furancungo. VSAT yathu ikugwira ntchito bwinobwino, palibe amene akudandaula, koma ndaona pa peji ya modemu kuti TX power, mphamvu yotumizira, yakhala ikukwera kuyambira mu Ogasiti ndipo pano yatsala pang'ono kufika pa maximum. Kunja kulibe ngakhale kamtambo. Ndidandaule kapena ndizisiye poti zikuyenda?

YANKHO: Dandaulani achimwene, ndipo mwachita bwino kuyang'ana peji imeneyo chifukwa ambiri saitsegula mpaka tsiku limene zazima. Kalata yanuyi ndi imene yandisangalatsa kwambiri mwezi uno.

Makina owongolera mphamvu sadziwa mvula. Amangodziwa kuti nambala yatsika ndiye ndikweze. Dishi ikasuntha pang'ono ndi mphepo ya mu Ogasiti ija, amakweza. Madzi akalowa mu waya, amakweza. Mtengo wa bulugamu umene unali waufupi pomanga dishi ukakula nkuyamba kutchinga, amakweza. Ndiye vuto limabisika, aliyense akusangalala, koma mphamvu imene inasungidwira mvula ikuthera kukwirira matenda ena. Mvula yoyamba ya mu Novembala ikadzangoti wa, mudzazima pa kamvula koti chaka chatha simunakamve nkomwe, ndipo anthu adzati intaneti ya masiku ano, osadziwa kuti zinayamba kalekale m'chilimwe.

Musanakwere padenga, zimitsani kutumiza kaye. Musaime kutsogolo kwa feed kapena kusuzumiramo BUC ikuyaka, mafunde amenewo saoneka koma amatenthetsa mnofu ndipo maso ndi amene amavulala msanga. Mukazimitsa yambani ndi kapulasitiki kotseka kukamwa kwa feed. Dzuwa lathuli limakaphika mpaka kamachita chikasu nkung'aluka, ndipo pakangopezeka kampata mavu omanga ndi dothi aja amalowa. Ndinatsegulapo ina imene anthu ankati BUC yafa tigule yatsopano, mkati mwa feed munali timiphika ta dothi touma gwa titamatirira kukhoma, tina tili ndi tiakangaude takufa mkati, kabowo kodutsa sigino katatsala kochepa ngati kolowa pensulo. Tinangokokota, kupukuta, kuika chotsekera chatsopano, mphamvu inatsika yokha pa sikilini tikuona.

Mukachoka apo onani makonekita. Masulani, mukaona kawaya ka pakati kachita zobiriwira kapena zoyera ngati ufa ndiye kuti madzi analowa, ndipo amayenda mkati mwa waya mtunda ndithu, kudula kansonga kokha nthawi zina sikukwana. Pomanganso kulungani ndi tepi ya rabala yodzimatirira yokha ija, tepi wakuda wamagetsi yekha amamasuka ndi dzuwa. Kenako gwirani m'mphepete mwa dishi muikankhe pang'ono kwambiri, ikamagwedera ndiye kuti mabawuti amasuka kapena chitsulo chake chapendekeka pansi.

Chokuthandizani kusiyanitsa ndi ichi, yang'anani nambala yolandirira. Ngati nambala imeneyo, RX, yatsika limodzi ndi kukwera kwa TX, ganizirani zimene mbali zonse zimagawana, kuloza kwa dishi, feed, mtengo. Ngati RX ili bwinobwino monga kale koma TX yokha ndi imene ikukwera, vuto lili ku waya wotumizira kapena BUC yeniyeniyo ikufooka, ndipo ma BUC amafookadi akatentha kwambiri. Kulunjikanso dishi ya VSAT musachite nokha, imbirani kampani yanu kuti a ku NOC akhale pa foni. Ndipo kuyambira lero muzilemba manambala awiriwo m'kope kamodzi pa sabata, m'mawa kunja kuli kowala, kuti mudziwe nambala ya siteshoni yanu ikakhala yathanzi.

FUNSO: Zikomo a Tekiniko. Ndine namwino pa kachipatala kena cha ku Fingoè, timadalira sola. Nthawi ya dzinja mabatire amatha msanga ndipo anzanga akuti ndi dishi ya intaneti imene imakoka magetsi ambiri ikamalimbana ndi mvula, akuti tiziizimitsa kukachita mitambo. Zoona?

YANKHO: Mayi, dishiyo akuinamizira. Ma BUC ang'onoang'ono amadya magetsi pafupifupi ofanana kaya akutumiza pang'ono kaya kwambiri, ya mawati 4 imakoka mawati oposa 20 ku batire nthawi zonse ikangoyaka, ambiri mwa iwo amangosanduka kutentha. Kusiyana kwa tsiku la mvula ndi la dzuwa ndi kochepa. Chimene chikuchitika nchakuti kukakhala mitambo masiku otsatizana mapanelo sadzaza mabatire, ndipo ngati mabatirewo akalamba ndiye basi. Mukafuna kupulumutsa magetsi kuti firiji ya katemera isazime, zimitsani VSAT usiku pamene palibe akuigwiritsa ntchito, pamenepo mupindula maola ambiri, kusiyana ndi kumathamangira switch mukaona mtambo. Pukutaninso mapanelowo.

FUNSO: Akulu, kwathu ndi ku Chifunde kufupi ndi malire. Ndikakhala ku Tete foni yanga imakhala tsiku lonse, ndikafika kumudzi pofika masana yatha komanso imatentha, chonsecho sindiimba kwambiri. Kodi ndi batire kapena anandigulitsa foni yabodza?

YANKHO: Foni ili bwino achimwene, ndipo nkhani yake ndi yomweyi takambayi, kungoti m'malo mwa setilaiti pali nsanja ya netiweki. Nsanja imauza foni iliyonse kuti kweza kapena tsitsa, pa 3G zimachitika ka 1,500 pa sekondi imodzi, chifukwa mafoni onse amalankhulira pa fulikwense imodzi ndipo ya pafupi ikapanda kutsitsa imakwirira ya kutali. Mumzinda nsanja ili pafupi, foni imangonong'ona. Kumudzi kwanuko ili ndi kamzere kamodzi, imatumiza ndi mphamvu yake yonse, pa 2G ya 900 MHz imatha kufika mawati 2, ndipo ikataya netiweki imayamba kusakasaka. Ngati muli ndi malaini awiri, ina ya Movitel kapena Vodacom ina ya kutsidya, ndiye ntchitoyo ndi yowirikiza. Zimitsani laini imene kulibe netiweki yake, data muziyatsa pokhapokha mukafika pachulu pamene mumaimbira paja, ndipo usiku ikani pa flight mode.

FUNSO: Nanga Starlink imene yayamba kuoneka m'mashopu ndi m'malojimu, nayonso imaduka ndi mvula?

YANKHO: Imaduka, koma kawirikawiri kwa kanthawi kochepa, pa chimvula chenicheni. Inayamba kugwira ntchito mu Mozambique mu 2023, ndipo ku Malawi chaka chomwecho. Masetilaiti ake ali pafupi, makilomita mazana angapo okha, akuthamanga kudutsa kumwamba, ndiye kambale kaja kamalumpha kuchoka pa ina kupita pa ina osasuntha, kamatembenuza sigino ndi timaantena tambirimbiri tili mkati mwake. Pakati pa kambaleko ndi setilaiti ndi Ku band yomwe ija, choncho madzi amaidya chimodzimodzi, ndipo mvula yake ndi ya makilomita omaliza omwe aja, kuyandikira kwa setilaiti sikuichotsa. Zokweza ndi kutsitsa mphamvu ndi kusintha liwiro zonse zimachitika mkati, palibe poti inu kapena ine tingagwire, ndipo kwa ine zimenezo nzabwino poona zimene anthu amachita akapatsidwa batani. Chanu ndi kukaika poti kumwamba kuoneke ponseponse, app yake ili ndi poyezera zotchinga, muigwiritse ntchito musanaboole malata. Amene muli pa sola werengerani bwino, yaikulu ija imadya mawati 75 mpaka 100, Mini imadya 25 mpaka 40.

Wa ku Tsangano amene munatumiza chithunzi cha dishi yomangirira pa mtengo wa pichesi ndi waya wa njinga, yankho lanu ndi lalifupi, mtengowo ukamagwedezeka ndi mphepo dishi imagwedezeka nawo, ndipo ukukula chaka chilichonse. Kumbani dzenje, ikani paipi yachitsulo yoongoka ndi simenti, mudikire iume musanapachike dishi.